Lilime pa Dooko: Mayeso a Chingerezi, Viza ya ku Britain ndi Chikhulupiriro Chathu

Malemba a phunziroli: Oweruza 12:4–6, Danieli 1, Machitidwe 22:22–29, Eksodo 20:8–11, 16, Chivumbulutso 14:6.

Buku la Oweruza limatiuza za mayeso a chilankhulo amene anali ndi funso limodzi lokha. Amuna a ku Gileadi, motsogozedwa ndi Yefita, atagonjetsa Aefraimu anatseka madooko a mtsinje wa Yordano. Aliyense wofuna kuoloka ankamuuza kuti atchule liwu loti Shiboleti. Mwefraimu lilime linkamukanika, n'kunena kuti Siboleti, ndipo ankaphedwa pomwepo. Anthu 42,000 anafa pa nthawiyo.

Lero palibe amene amaphedwa chifukwa cha katchulidwe ka mawu, koma mayiko ena amayesabe lilime la munthu asanamulole kuoloka malire awo. Ambiri mwa ife tili ndi m'bale amene akufuna kukaphunzira, kukagwira ntchito kapena kukakhala ndi banja lake ku Britain, ndipo ena tikuganizira zomwezo tikamaliza maphunziro. M'phunziroli tiona zimene boma la Britain limafuna pa nkhani ya Chingerezi, anthu amene limawamasula ku mayeso, ndi mmene Mkhristu wosunga Sabata angadutsire pa dooko limeneli osataya choonadi.

Bwanji ife, poti Chingerezi tinaphunzira kale?

Funso limeneli ndi lomveka. Takhala tikuphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale, ndipo satifiketi ya MSCE munthu sapatsidwa ngati walephera phunziro la Chingerezi. Koma boma la Britain siliyang'ana chilankhulo cha m'kalasi kapena cha m'maofesi a boma. Lili ndi mndandanda wa mayiko amene limawatenga kuti anthu ambiri a m'menemo amalankhula Chingerezi, monga USA, Canada, Australia, New Zealand, Malta, Jamaica, Barbados, Guyana ndi mayiko ena a ku Caribbean. Nzika za mayiko amenewa sizilemba mayeso. Pa mndandandawu palibe dziko la mu Africa ngakhale limodzi. Malawi palibe, Zambia palibe, ngakhale South Africa, Ghana ndi Nigeria palibenso. Chimene amayang'ana ndi pasipoti, osati kuchenjera kwa munthu. Tingadandaule kuti lamuloli silititengera bwino, koma wofunsira viza amaweruzidwa ndi lamulo mmene lilili.

Viza iliyonse ndi mlingo wake

Luso la chilankhulo amaliyeza pa makwerero asanu ndi limodzi amene anakhazikitsidwa ku Ulaya: A1, A2, B1, B2, C1 ndi C2. A1 ndi wa munthu amene akungoyamba kumene, wotha kudzitchula dzina, kunena kumene amakhala ndi kufunsa mtengo wa chinthu. B1 ndi wa munthu wotha kucheza pa nkhani za tsiku ndi tsiku. B2 ndi wa munthu wotha kutsatira nkhani zozama, kufotokoza maganizo ake ndi kuwateteza. Zofunika zake zili motere:

Wokacheza kwa nthawi yochepa safunsidwa mayeso a Chingerezi.

Wokakhala ndi mwamuna kapena mkazi wake amene ndi nzika ya Britain, kapena wokhazikika kumeneko, amafunika A1 pa kulankhula ndi kumva kokha. Pakatha zaka ziwiri ndi theka, powonjezera viza, amafunika A2.

Wophunzira wokachita digiri amafunika B2, ndipo wa maphunziro ochepera digiri amafunika B1. Mayunivesite ambiri ali ndi chilolezo choyesa okha Chingerezi cha ophunzira a digiri, ndipo kawirikawiri amafuna zoposa pamenepo.

Wofuna viza ya ntchito ya Skilled Worker kwa zaka zingapo ankafunika B1, koma kuyambira pa 8 January 2026 ofunsira koyamba akufunika B2 pa kuwerenga, kulemba, kulankhula ndi kumva.

Wofuna kukhazikika kapena kukhala nzika wakhala akufunika B1 pa kulankhula ndi kumva, komanso mayeso a Life in the UK. Awa ali ndi mafunso 24 oyankha m'mphindi 45, ndipo munthu amakhoza akalondola 18.

Mu May 2025 boma la Britain linalengezanso kuti likufuna kukweza mlingo wa okhazikika kufika pa B2, ndi kuyamba kufunsa A1 kwa akuluakulu otsagana ndi ogwira ntchito ndi ophunzira. Malamulowa sakhalitsa. Zimene m'bale wathu anachita zaka zitatu zapitazo si zimene zingatithandize lero, choncho tiwerenge tokha pa tsamba la boma la gov.uk tisanalipire ndalama iliyonse. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Si mayeso aliwonse amene amalandiridwa

Apa ndi pamene ndalama za ambiri zimatayikira. Boma limalandira mayeso otchedwa Secure English Language Test, mwachidule SELT, olembedwa pa malo ovomerezeka. Kwa olembera kunja kwa Britain, mabungwe oyesa ndi monga IELTS, Pearson ndi LanguageCert. Munthu akhoza kulemba IELTS wamba n'kukhoza bwino, koma viza yake n'kukanidwa chifukwa inkafuna IELTS for UKVI. Mafunso a mitundu iwiriyi ndi ofanana. Kusiyana kwake ndi kwakuti wa UKVI amalembedwa pa malo oyang'aniridwa mwapadera ndipo zotsatira zake zimakhala ndi nambala imene boma limatsimikizira.

IELTS ili ndi magawo anayi: kumva, pafupifupi mphindi 30, kuwerenga, mphindi 60, kulemba, mphindi 60, ndi kulankhula ndi woyesa, mphindi 11 mpaka 14. Malikisi amafika pa 9. Pa nkhani ya viza, B1 ndi 4.0 pa gawo lililonse ndipo B2 ndi 5.5 pa gawo lililonse. Kukhoza kwambiri kuwerenga sikuphimba kulephera kulemba. Kwa a viza ya banja pali mayeso aafupi a IELTS Life Skills, a kulankhula ndi kumva kokha. Tikumbukirenso kuti zotsatira zimagwira ntchito kwa zaka ziwiri. Wolemba mayeso msanga, zina zonse zisanakonzeke, akhoza kudzalipira kawiri.

Ndani amamasulidwa?

Kupatula nzika za mayiko tatchula aja, pali magulu ena amene salemba mayeso.

Loyamba ndi la amene ali ndi digiri yophunzitsidwa m'Chingerezi. Ili ndi khomo limene limatikhudza kwambiri ife ophunzira. Digiri yotengedwa kunja kwa Britain iyenera kutsimikiziridwa ndi bungwe la Ecctis kuti ikufanana ndi digiri yoyamba ya ku Britain kapena kuposa, komanso kuti inaphunzitsidwa m'Chingerezi. Amafuna satifiketi, tsatanetsatane wa malikisi ndi kalata ya ku yunivesite yochitira umboni chilankhulo chimene ankaphunzitsira, ndipo ntchitoyi ndi yolipira. Tizindikire kuti dipuloma ndi satifiketi sizilowera pa khomo limeneli, ngakhale mwini wake atakhala katswiri wotani.

Lachiwiri ndi la msinkhu. Pa viza ya banja ndi pa kukhazikika, ana osakwana zaka 18 ndi akuluakulu a zaka 65 kapena kuposa samakakamizidwa kulemba.

Lachitatu ndi la amene ali ndi matenda kapena ulumali, wa m'thupi kapena wa m'maganizo, umene ukuwalepheretsa kukwaniritsa lamuloli. Pamafunika umboni wa dokotala. Kusapita kusukulu kapena mantha a mayeso si chifukwa chomasulira munthu.

Lachinayi ndi la madokotala, madokotala a mano, anamwino ndi azamba amene anakhoza kale mayeso a Chingerezi olandiridwa ndi bungwe loyang'anira ntchito yawo. Amenewa salembanso ena pofunsira viza ya ntchito. Koma anzathu a zaumoyo asaone ngati imeneyi ndi njira yachidule, chifukwa mlingo wa bungwe la anamwino ndi azamba la NMC ndi wokwera kuposa wa viza. Pa IELTS Academic limafuna 7 pa kuwerenga, kumva ndi kulankhula, ndi 6.5 pa kulemba. Pa mayeso a OET, amene nkhani zake ndi za m'chipatala, limafuna B pa magawo atatuwo ndi C+ pa kulemba.

Paulo anadziwa ufulu wake

Werengani Machitidwe 22:22–29. Asilikali atam'manga kuti am'kwapule, Paulo anafunsa ngati lamulo linkalola kukwapula nzika ya Roma isanaweruzidwe. Kapitawo wamkulu anachita mantha, ndipo zikoti zinalekeka. Paulo sanachite manyazi kugwiritsa ntchito ufulu umene lamulo linam'patsa, ndipo ifenso tisachite manyazi. Ngati tili ndi digiri yoyenera, kapena kholo lathu lakwanitsa zaka 65, kupempha kumasulidwa si kuzemba ayi.

Koma taonani kuti zimene Paulo ananena zinali zoona: unzikawo anabadwa nawo. Sanapeke chikalata kuti apulumuke. Kusiyana kwa ufulu ndi chinyengo kuli pamenepa. Kalata ya dokotala yonena matenda amene kulibe, kalata ya yunivesite yokonzedwa pa kompyuta, zaka zobadwa zosinthidwa, kapena munthu wina wotilembera mayeso, zonsezi ndi umboni wonama umene lamulo lachisanu ndi chinayi limaletsa. Boma la Britain likapeza chinyengo likhoza kuletsa munthu kulowa m'dzikomo kwa zaka 10.

Bodza lotere limapweteka ndi osalakwa omwe. Mu February 2014 pulogalamu ya BBC ya Panorama inaonetsa anthu akulembera anzawo mayeso a TOEIC pa malo ena olembera ku London. Zitatero, mayesowo anachotsedwa pa mndandanda wovomerezeka ndipo maviza a anthu zikwi zambiri anathetsedwa. Ena mwa iwo anadzapambana milandu yawo m'makhoti, koma maphunziro ndi zaka zawo zinali zitapita kale. Munthu akatiuza kuti ali ndi njira yotipezera satifiketi ya IELTS popanda kulemba, tidziwe kuti akufuna ndalama zathu ndipo akutchera msampha dzina lathu ndi la anzathu obwera m'mbuyo.

Danieli anaphunzira, koma sanagonje

Werengani Danieli 1. Danieli, Hananiya, Misaeli ndi Azariya anali alendo ku Babulo. Anapatsidwa zaka zitatu zophunzira chilankhulo ndi mabuku a Akasidi, ndipo pamapeto pake mfumu Nebukadinezara inawayesa yokha pocheza nawo. Anyamatawa sanakane chilankhulo cha eni dziko. Anachiphunzira mpaka anaposa anzawo onse. Chimene anakana ndi chakudya chodetsa, ndipo anakana mwaulemu, mayeso asanafike, atabweretsanso njira ina yoti ayesedwe masiku khumi.

Phunziro loyamba ndi khama. Pemphero sililowa m'malo mwa kukonzekera. Pa gawo la kumva mawu amaseweredwa kamodzi kokha, ndipo olankhula amakhala a katchulidwe kosiyanasiyana, choncho tizolowere kumvera wailesi za kunja popanda kubwereza. Pa gawo la kulemba, ntchito yachiwiri ndi nkhani ya mawu osachepera 250 yolemba m'mphindi pafupifupi 40, ndipo malikisi ake ndi owirikiza kawiri a ntchito yoyamba. Tiziyeserera ndi wotchi patsogolo, kenako tipatse mphunzitsi kuti atikonze. Pa kulankhula, woyesa safuna kuti timveke ngati mzungu wa ku London. Amafuna mawu omveka ndi maganizo olongosoka.

Phunziro lachiwiri ndi Sabata. Malo ambiri olembera amaika mayeso Loweruka. Tisadikire kuti tsikulo litipeze mwadzidzidzi viza ikutithamangitsa. Polembetsa tisankhe tokha tsiku la mkati mwa mlungu, podziwa kuti mayeso a pa kompyuta kawirikawiri amakhala ndi masiku ambiri osankhapo. Tionetsetse masiku awiri, chifukwa gawo la kulankhula likhoza kuikidwa tsiku lina, mpaka masiku asanu ndi awiri mayeso ena asanachitike kapena atachitika. Nthawi ya Lachisanu madzulo tiiyerekeze ndi kulowa kwa dzuwa. Tsiku likagwa pa Sabata, tilembe kalata yaulemu msanga yopempha tsiku lina, ndipo abusa akhoza kutichitira umboni. Mwina kudikira kungatichedwetse mwezi wathunthu. Komabe amene wayamba ulendo wake pophwanya Sabata chifukwa cha mayeso adzavutika kulisunga bwana akadzamuika pa ndandanda ya ntchito ya Loweruka.

Mpingo uli ndi gawo lake

Amene amavutika kwambiri pa dooko limeneli si ife a ku koleji. Ndi mayi amene analekezera sukulu ku pulayimale, mwamuna wake ali ku Britain, ndipo banja lagawanika chifukwa cha mayeso a A1. Wophunzira mmodzi wopereka ola limodzi Lamulungu lililonse kuti aziyeserera naye kulankhula akhoza kuthandiza kulumikiza banja limenelo. Umenewu ndi utumiki umene achinyamata a mumpingo angauyambe popanda ndalama.

Tizikumbutsananso kuti malikisi sayeza mtengo wa munthu. Wolephera tisamuseke, ndipo wokhoza asanyoze Chichewa chimene anayamwira. Uthenga wa mngelo woyamba pa Chivumbulutso 14:6 ukupita kwa anthu a chilankhulo chilichonse, ndipo Mulungu amamva pemphero la m'Chichewa mofanana ndi la m'Chingerezi.

Mafunso okambirana

1. Paulo anagwiritsa ntchito ufulu wake, Danieli anavomera kuyesedwa. Tingadziwe bwanji nthawi yopempha kumasulidwa ndi nthawi yokhala pansi n'kukonzekera?

2. M'bale wa mumpingo wapeza tsiku la mayeso la pa Sabata lokha, ndipo malo ake a ku yunivesite atha akachedwa. Tingamulangize chiyani, nanga tingamuthandize motani kuposa kungomulangiza?

3. Mnzathu watiululira kuti akufuna kugula kalata ya dokotala kuti amayi ake asalembe mayeso. Tingamuyankhe bwanji mwachikondi koma moona?

4. Dziko lathu likusowa anamwino, aphunzitsi ndi akatswiri ena. Ndi mafunso ati amene tiyenera kudzifunsa pamaso pa Mulungu tisanalembetse mayeso oti tipite kunja?