Kagetsi ka check engine kakayaka, galimoto ikunena chiyani?

Ophunzira anga, mukakwera Sienta kapena Probox kuchoka kuno kwa Kasisi kupita ku Dyeratu, tasuzumirani pa dashibodi. M'magalimoto ambiri muona kagetsi kachikasu kooneka ngati injini kakuyaka, dalaivala osalabadira n'komwe. Ine ndimati kagetsi kameneka ndi phunziro la fizikisi loyenda pamsewu.

Tiyambire apa. Kuti petulo apse bwino, galamu imodzi imafuna magalamu 14.7 a mpweya. Kompyuta ya galimoto ilibe maso oonera moto wa mu injini, ndiye imadalira sensa ya okosijeni yomwe ili pa paipi ya ekizozi. Sensa yamtundu wofala ili ndi zirconia, amene akatentha kupitirira madigiri 300 amatulutsa magetsi pang'ono poyerekeza okosijeni wa mu utsi ndi wa panja. Petulo akachepa, imapereka pafupifupi 0.1 V. Akachuluka, imafika 0.9 V. Kompyuta imaona manambalawa n'kumawonjezera kapena kuchepetsa mafuta.

Kuno kwathu ntchito imeneyi ndi yofunika zedi. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, wina wopangidwa konkuno ku Chikwawa ndi kampani ya PressCane. Ethanol ali kale ndi okosijeni m'kati mwake, motero amafuna mpweya wochepa. Sensa ija ndiyo imathandiza kompyuta kulinganiza zimenezi.

Utsi ukadutsa sensa, umalowa mu catalytic converter. M'kati mwake mumaoneka ngati chisa cha njuchi, chopakidwa platinum, palladium ndi rhodium. Zitsulozi zimasandutsa carbon monoxide kukhala carbon dioxide, mafuta osapsa kukhala madzi ndi carbon dioxide, ndiponso zimachotsa okosijeni ku ma nitrogen oxide kuti patsale nayitrojeni wamba.

Nanga kompyuta imadziwa bwanji kuti chisachi chatha? Kuseri kwake kuli sensa yachiwiri. Chisa chikakhala bwino, magetsi a sensa imeneyi amakhala odekha. Akayamba kudumphadumpha ngati a sensa yoyamba, kompyuta imayatsa kagetsi n'kusunga nambala P0420, yomwe makaniko amawerenga ndi kamakina ka OBD.

Koma nambalayo ndi chizindikiro chabe, monga kutentha thupi. Vuto likhoza kukhala paipi yobooka, waya woduka kapena sensa yotopa. Makaniko wanzeru amayamba wayeza asanagule chilichonse.

Kagetsi kakamaphethira, ndiye zafika poipa: injini ikuphonya moto, mwina chifukwa cha mapulagi, ndipo petulo wosapsa akukapsera m'chisa muja mpaka kuchisungunula. Kukwera nayo mapiri opita ku Blantyre ili choncho n'kuotcha ndalama.

Ena amachotsa chisacho n'kugulitsa chifukwa cha zitsulo zodula zija. Wopuma utsiwo amakhala wakabaza ndi mayi wogulitsa m'mbali mwa msewu. Carbon monoxide alibe fungo kapena mtundu, koma amalanda malo a okosijeni m'magazi.

Ntchito ya sabata ino: jambulani magirafu awiri a magetsi a sensa yachiwiri, ina chisa chili bwino, ina chitatha. Tidzakambirana m'kalasi.