Mbaula ya Dongo

Ana inu a kwa Kaduya, tapenyani phiri la Michesi: mitengo yachepa, ndipo amai anu ayenda mtunda wautali kukatola nkhuni. Pophika pa mafuwa atatu mphepo imwaza moto, ndipo nkhuni zingonyeka chabe. Chifukwa chake m'chaka cha 2013 Boma linalonjeza kuti pofika 2020 mbaula zosamala nkhuni zidzakwana 2,000,000 m'dziko muno.

Ina mwa izo ndiyo Chitetezo. Akazi asonkhana m'magulu, naiumba ndi dongo monga aumbira mbiya, naiumitsa pamthunzi, pakuti dzuwa liing'amba; ikauma aiotcha. Khomo lake nlimodzi, lolowetsapo tinkhuni tiwiri kapena titatu, ndipo dongolo lisunga kutentha kufikira nyemba zitapsa.