Aluminiyamu: Chitsulo Chopepuka cha Ntchito Zambiri

M'phunziro lino tiona kumene aluminiyamu amachokera, mmene amapangidwira, ntchito zake pakhomo, kumunda ndi kuchipatala, ndiponso mmene tingamugwiritsire ntchito popanda kudzivulaza.

Tiyambe ndi pakhomo

Amayi ndi abambo, taonani ziwiya zimene zili pathandala panu. Sefuliya yophikira mpunga wa Kilombero, poto wa mbalagha, ketulo ya tiyi: zambiri mwa izo ndi za aluminiyamu. Mukatuluka panja mumupezanso. Mawaya a ESCOM amene adutsa m'mbali mwa msewu wa M1, kuchokera ku Chilumba mpaka ku Songwe, ndi a aluminiyamu. Felemu ya sola ya padenga, mbali zina za injini ya njinga yamoto ya kabaza, chitini cha chakumwa, ngakhale kapepala konyezimira kotsekera mapiritsi a malungo, zonsezi ndi chitsulo chimodzimodzi.

Mungamuzindikire bwanji? Pali njira zitatu.

Yoyamba ndi kulemera. Mukatenga zidutswa ziwiri zofanana kukula, china cha chitsulo cha khasu, china cha aluminiyamu, cha khasu chimalemera pafupifupi katatu. N'chifukwa chake ndege zimapangidwa ndi aluminiyamu wambiri.

Yachiwiri ndi maginito. Tengani maginito a m'sipika ya wailesi yakale. Pa khasu amamata, koma pa poto wa aluminiyamu amagwa.

Yachitatu ndi dzimbiri. Khasu likagona pa mvula limachita dzimbiri lofiira, ndipo dzimbirilo limadya chitsulo mpaka kuchiboola. Aluminiyamu satero. Akangokhudzana ndi mpweya, pamwamba pake pamapangika kakhungu kopyapyala kwambiri, kosaoneka ndi maso, koma kolimba. Kakhunguka kamatchinga madzi ndi mpweya kuti zisalowe mkati. Mukakanda poto ndi mpeni, kakhungu kena kamapangika pomwepo, monga mmene chilonda chimachitira nkhanambo. Malata ambiri a masiku ano amakutidwa ndi aluminiyamu wosakaniza ndi zinki kuti akhalitse, ngakhale kuno kunyanja kumene mpweya uli ndi chinyezi.

Kodi amachokera kuti?

Aluminiyamu ndiye chitsulo chochuluka kuposa china chilichonse m'nthaka ndi m'miyala ya dziko lapansi. Pa makilogalamu 100 a nthaka ndi miyala, pafupifupi makilogalamu 8 ndi aluminiyamu. Ali m'dothi loumbira miphika, ali m'njerwa za nyumba zathu. Koma simungamutole ali yekha ngati golide, chifukwa amakhala atagwirana zolimba ndi zinthu zina, makamaka okosijeni.

Mwala umene uli ndi aluminiyamu wambiri umatchedwa bokisaiti. Ndi wofiirira ndipo nthawi zambiri umapezeka pafupi ndi pamwamba pa nthaka. Mayiko amene amakumba wambiri ndi Guinea, Australia ndi China. Kwathu kuno bokisaiti alipo pa phiri la Mulanje, makamaka ku Lichenya, ndipo anadziwika kuyambira mu 1924, koma mpaka lero sanayambe kukumbidwa. Ku Karonga timadziwa za malasha ndi za yureniyamu wa ku Kayelekera, koma aluminiyamu yense amene tili naye anachokera kunja kwa dziko.

Mmene amapangidwira

Ntchitoyi ili ndi magawo atatu.

Gawo loyamba: amakumba bokisaiti, n'kumuphwanya mpaka akhale wosalala.

Gawo lachiwiri: amamuwiritsa m'matanki akuluakulu pamodzi ndi soda wowotcha, wofanana ndi amene amapangira sopo. Mbali imene ili ndi aluminiyamu imasungunuka, ndipo matope ofiira amatsalira pansi. Madziwo akawasefa, amatulutsamo timibulu toyera, n'kutiwotcha. Pamatsala ufa woyera wotchedwa alumina. Njira imeneyi anaitulukira ndi Carl Josef Bayer mu 1888.

Gawo lachitatu ndilo lovuta. Mu alumina, aluminiyamu amakhala akadagwirana ndi okosijeni, ndipo moto wamba sungawalekanitse. Chimene chimawalekanitsa ndi magetsi. Amathira alumina m'miphika ikuluikulu yotentha pafupifupi madigiri 950, n'kudutsitsamo magetsi amphamvu usana ndi usiku. Okosijeni amachoka ngati mpweya, ndipo aluminiyamu wamadzimadzi amadikha pansi pa mphika. Amamupopa n'kumuthira m'zikombole. Njira imeneyi anaitulukira mu 1886 ndi anyamata awiri amene sankadziwana: Charles Martin Hall wa ku America ndi Paul Héroult wa ku France. Onse awiri anabadwa mu 1863. Iwo asanatulukire njirayi, aluminiyamu anali wodula ngati siliva, ndipo munthu wamba sakanaphikira m'poto wake.

Matani pafupifupi 4 a bokisaiti amatulutsa matani 2 a alumina, ndipo matani 2 a alumina amatulutsa tani 1 ya aluminiyamu. Kilogalamu imodzi yokha imadya mayunitsi a magetsi pafupifupi 14. Amene mumagula mayunitsi mukudziwa masiku amene mayunitsi 14 amakufikitsani pakhomo. N'chifukwa chake mafakitale otere amamangidwa kumene kuli magetsi ambiri. Yapafupi ndi ife, yotchedwa Mozal, inamangidwa pafupi ndi Maputo ku Mozambique, ndipo inayamba ntchito mu 2000. Ina ili ku Richards Bay ku South Africa.

Poto wakale sataya

Ubwino wa aluminiyamu ndi wakuti amasungunulidwa mobwerezabwereza osatha mphamvu. Kusungunula wakale kumangofuna magawo 5 pa magawo 100 a mphamvu imene imafunika popanga watsopano. Amasungunuka pa madigiri 660, pamene chitsulo cha khasu chimafuna madigiri pafupifupi 1,500. Choncho moto wa makala wopemerera bwino umakwanira.

Apa ndi pamene amisiri oumba mapoto amapezera chakudya. Mmisiri amatenga poto wabwino kuti akhale chitsanzo. Amamuika m'bokosi la matabwa, n'kutsendera mchenga wosalala mkati ndi kunja mpaka ulimbe. Akatsegula bokosi n'kuchotsa poto uja, mumchengamo mumatsala mpata wofanana ndendende ndi potoyo. Amatsekanso bokosi, n'kusiya kabowo pamwamba. Kenaka amatenga aluminiyamu wosungunuka, amayengula zinyalala zoyandama, n'kuthira pa kabowo kaja. Pakapita mphindi zochepa amaswa mchenga, ndipo poto watsopano amatuluka. Chotsala ndi kudula zotsalira ndi kupala.

Ntchitoyi ndi yaluso, koma ili ndi zoopsa ziwiri. Choyamba, chitsulo chosungunuka chikakumana ndi madzi chimathovoka ndipo chingachititse munthu khungu. Zitsulo zoti zisungunulidwe ziyenera kukhala zouma. Chachiwiri, si chitsulo chilichonse chimene chili choyenera poto wophikira. Zitsulo zina zakale za galimoto ndi za zipangizo zamagetsi zimakhala ndi mtovu. Mtovu ukalowa m'poto umalowanso m'chakudya pang'onopang'ono, ndipo umawononga ubongo wa ana. Mmisiri wosamala amasankha mapoto akale ndi zitini, ndipo saikamo chilichonse chochokera ku batire.

Akaphatikana ndi zinthu zina

Aluminiyamu akaphatikana ndi zinthu zina amasiya kuoneka ngati chitsulo. Amakhala ufa, mchere kapena mwala, ndipo amagwira ntchito zosiyana kotheratu.

Poyeretsa madzi. M'dzinja mitsinje ya Rukuru, Lufilya ndi Songwe imakhala yofiira ndi matope. Mukatunga madziwo n'kuwasiya mu ndowa, mchenga umadikha, koma madzi amakhalabe a mbuu. Chifukwa chake n'chakuti tinthu ta dothi tating'ono kwambiri timakankhana, ndiye sitigwirana ndipo sitimira. Malo oyeretsera madzi a m'mipopi amathiramo mankhwala a aluminiyamu otchedwa alamu. Alamu amathetsa kukankhanako. Tinthu tija timayamba kugwirana, timapanga timibulu tolemera, n'kumira pansi. Madzi a pamwamba amawasefa mumchenga, kenaka amathiramo klorini. Pano pali mfundo yofunika kuigwira: alamu amachotsa matope, koma sapha tizilombo. Madzi oyera m'maso angathe kukhala ndi kolera. Madzi a kumtsinje, a kunyanja kapena a pachitsime chosatetezedwa, tiwawiritse kapena tithiremo klorini tisanamwe.

Kuchipatala. Mapiritsi ena otafuna ndi mankhwala ena oyera amadzimadzi a kutentha pamtima amakhala ndi aluminiyamu. Amachepetsa mphamvu ya asidi wa m'mimba. Akachuluka amadzimbitsa, ndipo amatha kulepheretsa mankhwala ena kugwira ntchito. Munthu wodwala impso, kapena amene akumwa mankhwala ena tsiku ndi tsiku, ayambe wafunsa adokotala.

M'miyala ya mtengo wapatali. Miyala yofiira ndi yabuluu imene imapezeka pa phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu ndi aluminiyamu wophatikana ndi okosijeni, wofanana ndi ufa woyera uja wa m'fakitale. Ndi yolimba zedi. Pa miyala yodziwika, dayamondi ndiye amaiposa. Chifukwa cha kulimbako, alumina amaikidwa pa sandipepa wa akalipentala ndi pa mwala wa galayinda wa owotcherera zitsulo.

Kumunda. Aluminiyamu wa m'dothi savuta nthaka ikakhala yabwino. Koma nthaka ikakhala ndi asidi wambiri, amasungunuka n'kuyamba kupsereza nsonga za mizu. Mizu ya chimanga ndi nyemba imakhala yaifupi ndi yotupa, ndipo imalephera kukoka madzi ndi feteleza. Mlimi amathira feteleza koma mbewu zimangokhala zopinimbira. Laimu wa kumunda amachepetsa asidiyo, ndipo manyowa amathandizanso. Alangizi a zaulimi angakuuzeni mmene mungayezetsere nthaka yanu.

M'nkhokwe zikuluzikulu. Pali mapiritsi otuwa ophera anankafumbwe amene ali ndi aluminiyamu wophatikana ndi fosiforasi. Akakumana ndi chinyezi amatulutsa mpweya wa poizoni. Mpweyawo umapha tizilombo, komanso umapha munthu. Mapiritsi amenewa ndi a anthu ophunzitsidwa okha. Tisawagule pamsika, ndipo tisawaike m'matumba a mpunga kapena a chimanga m'nyumba imene mukugona anthu.

Kusamala mapoto athu

Kakhungu koteteza kaja kali ndi adani awiri: zowawasa ndi soda. Ndiwo za matimati, bwemba kapena mandimu zisagone m'poto wa aluminiyamu. Zikapsa tiziike m'mbale ina. Mchere ukakhalitsa m'poto wonyowa umaboola timaenje. Amayi amene amaphika therere ndi soda kapena chidulo amaona poto akuda mkati: ndi soda amene wadya kakhunguko. Therere limayenera mphika wadothi. Potsuka, tisakwechese kwambiri ndi mchenga, chifukwa aluminiyamu ndi wofewa ndipo poto amapyapyala msanga. Poto wopanda kanthu asakhale pamoto wa makala.

Mafunso

1. Tchulani njira zitatu zozindikirira aluminiyamu.
2. N'chifukwa chiyani poto wa aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira?
3. Kodi bokisaiti amapezeka kuti m'Malawi?
4. Alamu amachita chiyani m'madzi? Nanga n'chiyani chimene sangachite?
5. N'chifukwa chiyani mmisiri ayenera kusankha zitsulo zimene akusungunula?

Kuwerengera

1. Ngati matani 4 a bokisaiti amatulutsa tani 1 ya aluminiyamu, pakufunika matani angati a bokisaiti kuti tipeze matani 6?
2. Ngati kilogalamu 1 imadya mayunitsi 14, makilogalamu 5 adya mayunitsi angati?

Zochita

Lembani m'kope mayina a zinthu 5 za aluminiyamu zimene zili pakhomo panu. Tsiku la phunziro lotsatira mubwere ndi chimodzi, ndipo amene ali ndi maginito abwere nawo kuti tidzayese pamodzi.

Mawu kwa ophunzira

Aluminiyamu aliyense amene mwagwira anadya magetsi ambiri ndi thukuta la anthu asanafike m'manja mwanu. Poto wobooka ndi zitini zakale musazitaye m'dzala kapena m'nyanja. Zisonkhanitseni, mugulitse kwa ogula zitsulo zakale. Koma wina akabwera ndi mawaya odulidwa pa mapolo a magetsi, musagule, musasungunule, ndipo kadziwitseni amfumu kapena apolisi. Waya umodzi ukabedwa, chigayo cha mpunga chimaima ndipo chipatala chimagona mumdima. Zimene mwaphunzira lero kawauzeni a kunyumba kwanu, makamaka za madzi akumwa ndi za mapiritsi a poizoni aja.