Kodi Pilato analipodi?

Funso: Wowerenga wina akufuna kudziwa ngati Pilato analipodi, kapena olemba Uthenga Wabwino anangomupeka.

Yankho: Katswiri wa mbiri yakale akuti analipo ndithu. Mu 1961, ofukula zakale a ku Italy anapeza mwala m'bwalo la zisudzo ku Caesarea, wolembedwa dzina lake ndi udindo wake wolamulira Judea. Mwalawo ndi wogumuka mbali ina, koma dzinalo likuwerengeka. Naye Tacitus, Mroma amene ankanyansidwa ndi Akhristu, analemba kuti Pilato ndiye anapha Khristu m'nthawi ya mfumu Tiberius.

Mkangano weniweni wagona pa khalidwe lake. Mateyu amamuonetsa akuzengereza, mpaka kusamba m'manja pamaso pa khamu, pomwe olemba achiyuda Philo ndi Josephus amasimba za wolamulira wouma mtima amene ankakonda kuputa Ayuda.