Malangizo: Ukwati wa kunyanja m'nyengo ya Covid-19

Lero tikuyankhula ndi inu amene mwaganiza zokamangira ukwati ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear, kutali ndi kwanu.

Yambani ndi chiwerengero cha anthu. Malamulo amene boma linalengeza mu Januware 2021 ankalola anthu 50 okha pamsonkhano, ndipo pofika 9 koloko usiku aliyense ankayenera kukhala ali m'nyumba. Malamulo otere akakhalapo, pa chiwerengerocho muwerengerenso abusa, ojambula ndi operekera zakudya. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi makolo ndiye asasowe. Ukwati wopanda nkhoswe ndi chibwenzi chabe. Azakhali amene atsale adzadandaula ndithu, choncho ankhoswe akawafotokozere okha mwaulemu, asamve m'mphekesera.

Musanalipire malo ogona, lembani pangano lonena kuti malamulo akasintha mudzasuntha tsiku osataya ndalama. Eni malo akakana, sakani kwina. Mwambowo uchitikire panja, masana, pomwe mphepo ikuwomba. Zotchinga pakamwa, sopo ndi madzi zikhale pakhomo.

Nkhani yovuta ndi perekaniperekani. Kuvina mothithikana uku mukuwaza ndalama m'lichero n'kumene kachilombo ka Covid-19 kamapezerapo mpata. Lengezani nambala ya Airtel Money kapena Mpamba, ndipo achibale a ku Johannesburg aonere pa Facebook n'kutumiza zawo. Kunena zoona, ndalama zotere sizisoweranso m'matumba mwa owerengera!

Agogo odwala shuga kapena BP musawakweze minibasi yodzaza. Mukawayendere kumudzi mukabwerako.