Mwapempha mayina, kwabwera tsamba la login: vuto lili pati?

Amene mwayamba kulemba timapulogalamu ta pa intaneti mukumana nazo izi posachedwa. Pulogalamu yanu yatumiza pempho ku seva, tinene ku /api/ophunzira, ikudikira mndandanda wa mayina mu JSON, koma seva ikuilozera kwina. Izi ndi zimene amati redirect.

Ine, pokhala wa physics, ndimaziona ngati kuwala kogunda kalilole: sikusowa ayi, kumangokhota. Ndiye musathamangire kusintha code. Londolani kaye njira imene pempho ladutsa. Mu Chrome dinani F12, pitani pa Network, chongani Preserve log, kenako tumizaninso pempholo. Muone zinthu ziwiri: nambala ya yankho, ndi mzere wa Location umene ukunena kumene mwalozeredwa.

Nambala ikakhala 301, ndipo adiresi yatsopano ikusiyana ndi yanu ndi kachizindikiro ka / kokha kumapeto, wakuba mwamugwira. Django imachita zimenezi chifukwa cha APPEND_SLASH, imene imakhala yoyatsa kale. Mukamangowerenga deta, simuzindikira n'komwe. Mavuto amabwera potumiza. Browser ikalandira 301 kapena 302 pa pempho la POST, kawirikawiri imalibwereza ngati GET, ndipo zonse munalemba zija, kaya ndi malikisi a kalasi yonse, zimatsala panjira. Nambala za 307 ndi 308 sizitero, pempho limapita momwe linalili, ndipo FastAPI imagwiritsa 307 pa vuto lomweli. Mankhwala ake ndi osavuta: lembani adiresi ndendende momwe ilili pa seva.

Koma chenjerani, 301 imatanthauza kusamuka kwamuyaya, choncho browser imasunga. Mutha kukonza zonse bwinobwino koma n'kumalozeredwabe kwina. N'chifukwa chake ine ndimakonda kuyesa ndi curl -i, popeza curl siikumbukira zadzulo komanso siitsata redirect musanaiuze.

Nanga 302 yopita ku /login? Pa Laravel, nthawi zambiri zimakhala kuti pempho lanu silinanene kuti likufuna JSON. Seva imayesa kuti ndinu munthu woti alembe dzina ndi password, ndiye ikusonyezani khomo. Onjezani header ya Accept: application/json, osasintha china chilichonse, muyesenso. Mmalo mwa 302 mulandira 401, kutanthauza kuti seva sinakudziweni, ndipo pamenepo muyang'ane ngati token yanu ikupitadi limodzi ndi pempho.