Phunziro 6: Zomwe tingaphunzire kwa Oliver Mtukudzi popeka nyimbo za ana

Aphunzitsi, m'boma la Chegutu momwe muli Mubaira mulinso tauni ya Norton. Kumeneko Oliver Mtukudzi anatsegula malo ophunzitsira luso a Pakare Paye mu 2003, kuti achinyamata azikaphunzira kuyimba ndi kuchita zisudzo.

Mkuluyu sanayambe ndi ana. Mu 1977 ankayimba mu gulu la Wagon Wheels pamodzi ndi Thomas Mapfumo, kenako anatchuka ndi gulu lake la Black Spirits. Anapekanso nyimbo za filimu ya Neria, ndipo nyimbo zake zinkasenza nkhani, osati kungovinitsa anthu basi. Mu 2011 bungwe la UNICEF linamusankha kukhala kazembe wolankhulira ana. Anamwalira mu 2019.

Tsono mvetserani nyimbo yake ya Todii, yonena za Edzi. Funso ndi limodzi lokha, koma likubwerezedwa m'Chishona, m'Chindebele ndi m'Chingerezi. Apa ndi pomwe ine ndimakodwa mtima. M'mafamu ndi m'migodi ya ku Kadoma muli ana olankhula Chichewa kunyumba, Chishona pabwalo, Chingerezi m'kalasi. Mwana wotere akakhala duu, musafulumire kunena kuti ndi wogona. Mwina sanamvepo mawu a kwawo pakamwa panu.

Ntchito

Sankhani mfundo imodzi ya sabata ino, monga kusamba m'manja. Pekani mizere iwiri yoti inu muziyambitsa, ana azivomera, m'zilankhulo za ana anu. Lembani amene anayamba kuyimba ndi amene anangoyang'ana, mutumize kwa mlangizi wanu.